Si chiwawu, mayi, ndi mbozi ya kagulugufe kotchedwa Tuta absoluta

Funso: Ndine mayi wolima tomato m'dimba kuno ku Ntcheu. Chaka chino masamba a tomato wanga achita mawanga oyera ngati pepala, kenako akuuma ngati awauka ndi moto. Kusitolo anandigulitsa mankhwala a chiwawu, ndapopera katatu koma palibe chasintha. Ndikagwedeza tomatoyo mukumatuluka tizilombo touluka tating'onoting'ono totuwa. Alangizi atabwera anati ndi Tuta absoluta, koma mwana wanga atafufuza pa foni wapeza dzina lina, Phthorimaea absoluta. Kodi ndi tizilombo tiwiri? Ndi gulugufe, njenjete kapena ntchentche? Ndingakazindikire bwanji ndekha osadikira alangizi?

Yankho: Mayi, alangizi sananame, ndipo mwana wanunso sanasochere. Ndi kachilombo kamodzi ka mayina awiri. Za mayinazo tifikako, koma ndiyambe ndi zimene zakudyerani ndalama.

Mawa m'mamawa, dzuwa likangokwera pang'ono, thyolani tsamba limodzi la mawanga oyerawo, lija lisanaume, mulikweze m'mwamba kuti dzuwa lidutse kumbuyo kwake. Muona kuti pamalo pa banga paja tsamba lasanduka ngati zenera. Khungu lapamwamba lilipo, lapansi liliponso, koma mnofu wobiriwira wapakati wapita. M'kati mwa zeneralo muona timibulu takuda tosanjikizana kumbali imodzi, ngati munthu wawazamo tsabola wopera. Imeneyo ndi ndowe. Mukayang'anitsitsa kumene zenera lathera muona kambozi kakugona, mwina kakugwedeza mutu. Ng'ambani khungulo ndi chikhadabo, kambozi katuluka n'kuyamba kuphiriphitha chambuyo, mwinanso kudzigwetsa n'kulendewera pa kaulusi konga ka kangaude. Mukaona zimenezi, nkhani yatha. Chiwawu sichisiya ndowe ndipo sichikumba mphanga. Chiwawu cha nyengo yozizira ndi ya mvula chimadetsa tsamba n'kulioneketsa ngati lathiridwa madzi otentha, pomwe chiwawu chinacho chimapanga mawanga ofiirira okhala ndi mizere yozungulira m'kati. Mankhwala amene munagulawo, ngati ali aja a mancozeb amene ambiri timangowatcha Dithane, ndi abwino pa ntchito yake yoteteza ku matenda a masamba, koma mbozi sawamva n'komwe. Wogulitsayo mwina sanafune kukuberani. Munthu ukamuuza kuti masamba akuwauka, dzanja lake limathamangira pa paketi ya chiwawu. N'chifukwa chake ine ndimati kusitolo muzipita ndi tsamba m'thumba, osati ndi mawu okha.

Tsono touluka tija ndi makolo a mbozizo. Si ntchentche. Ntchentche ili ndi mapiko awiri okha, oonekera ngati galasi. Aka kali ndi mapiko anayi, ndipo mukakaphwanya pakati pa zala kamasiya fumbi lotuwa lonyezimira. Fumbilo ndilo chizindikiro cha fuko lonse. Mukaliika pa maikulosikopu mupeza kuti si fumbi ayi, ndi timamba tosanjikizana bwinobwino ngati mamba a chambo. Akatswiri anatcha fuko limeneli Lepidoptera, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza mamba ndi phiko. Muli mitundu pafupifupi 160,000 yolembedwa kale, ndipo agulugufe okongola aja amene timawaona masana pa maluwa ndi gawo laling'ono chabe. Unyinji ndi aja ouluka usiku, obwera pa nyali, ambiri mwa iwo ang'onoang'ono ndi otuwa moti palibe amene amawasamala.

Pa Chichewa tili ndi liwu loti gulugufe, limene timatchulira onse, wamasana ndi wausiku yemwe, komanso liwu loti njenjete, limene ambiri timaligwiritsa ntchito pa tija todya zovala m'sutikesi ndi tija touluka m'thumba la chimanga. Choncho mukati kagulugufe simunalakwe, mukati kanjenjete ka tomato ndikumvaninso. Kungoti njenjete yodya zovala ndi ya banja lina, lotchedwa Tineidae, ndipo siyandikira n'komwe tomato. Ine pano ndizingoti kagulugufe.

Banja la kagulugufe kanu ndi Gelechiidae, banja lalikulu la mitundu yoposa 4,000, pafupifupi yonse yaing'ono. Abale ake ena mumawadziwa kale ngakhale simunauzidwepo kuti ndi pachibale. Kumbukirani kagulugufe kachikasu motuwira kamene kamauluka mukatsegula nkhokwe kapena thumba la chimanga chosathira mankhwala, kaja kamene mbozi yake imakulira m'kati mwa njere imodzi n'kutuluka posiya kabowo kozungulira. Si nankafumbwe, amene ndi kachikumbu kolimba kamlomo wautali. Ndi Sitotroga cerealella, wa m'banja lomweli. Wina ndi mbozi yofiirira yodya nthanga za thonje, Pectinophora gossypiella, imene yasautsa alimi a thonje m'maiko ambiri. Wachitatu, amene ndi m'bale weniweni wa bere limodzi, inu a ku Ntcheu ndi anzanu a ku Dedza muyenera kuti munakumana naye: kagulugufe ka mbatatesi, kamene mbozi yake imaboola timisewu takuda m'kachewere wosungidwa m'nyumba. Dzina lake ndi Phthorimaea operculella. Mwaona dzina loyambalo? Ndi lomwe lija mwana wanu wapeza pa foni.

Apa ndiye pagona nkhani ya mayina awiri. Dzina la sayansi la chamoyo chilichonse limakhala ndi mawu awiri, dongosolo limene anakhazikitsa Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo kwa nyama ndi tizilombo amawerengera kuyambira mu 1758. Liwu loyamba lili ngati chiwongo, lachiwiri ndilo dzina la mwini wake. Kunena kuti Tuta absoluta kuli ngati kutchula munthu poyamba ndi mfunda wake, Phiri kapena Banda, kenako dzina lake lobadwa nalo. Tsono ingoganizani mwana amene anatoledwa kutali, osadziwika makolo. Akuluakulu amamuyang'ana nkhope n'kuti uyu ndi wa kwa a Phiri. Patapita zaka ena abwera n'kuti ayi, taonani mayendedwe ake, ndi wa kwa a Mbewe. Dzina lake lenileni silisintha, chimasintha ndi chiwongo. N'zimene zachitikira kagulugufe aka. Liwu loti absoluta lakhala lomwelo kuyambira 1917. Chiwongo ndicho chasintha kambirimbiri.

Amene anakapatsa dzina ndi Edward Meyrick, mphunzitsi wa sukulu ku Marlborough ku England, munthu amene anathera moyo wake pa tiagulugufe tating'ono n'kutchula mayina mitundu masauzande ambiri. Mu 1917 analemba za kamodzi kakamuna kogwidwa ku Huancayo, mzinda wa pamwamba pa mapiri a Andes ku Peru, pamalo okwera kuposa mamita 3,000, kutanthauza kuti pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa. Anakayang'ana n'kuona kuti kakufanana ndi ka mbatatesi, ndiye anakaika m'chiwongo cha Phthorimaea, chimene iye mwini anachikhazikitsa mu 1902. Muzu wa liwulo ndi wa Chigiriki, wonena za kuwononga, ndipo sindikuganiza kuti pali mlimi angatsutse. M'zaka za m'ma 1960 ena anakasamutsira ku Gnorimoschema. Kenako katswiri wa ku dziko la Czech, Dalibor Povolný, anakasuntha katatu yekha: ku Scrobipalpula mu 1964, ku Scrobipalpuloides mu 1987, ndipo pomaliza ku Tuta mu 1994. Pamene kankawoloka nyanja n'kuyamba kuwononga minda ya ku Ulaya ndi ku Africa kanali kakuyenda ndi dzina la Tuta, ndipo ndi limene linamatirira pakamwa pa alimi, alangizi ndi ogulitsa mankhwala. Ndi lalifupinso, silipweteka lilime. Koma mu 2021 akatswiri awiri, Chang ndi Metz, atayerekeza matupi a mitundu yambiri ya m'banjali, anapeza kuti Meyrick anali atalondola poyamba paja, ndipo anakabwezera kwawo ku Phthorimaea. Mabuku atsopano ndi masamba a pa intaneti ambiri atsatira zimenezi, pomwe mapaketi a mankhwala ndi zikalata za alangizi zikadali pa Tuta.

Mwina mufunsa kuti anthu ophunzira chonchi amakanganiranji pa kanthu kochepa ngati njere ya mpunga. Vuto ndi lakuti tiagulugufe ta m'banjali timafanana kwambiri kunja. Totuwa, tamawangamawanga, tofanana msinkhu. Kusiyana kwenikweni kuli m'ziwalo zoberekera, makamaka za tatimuna, zimene mtundu uliwonse uli ndi kapangidwe kakekake. Katswiri amadula kumapeto kwa mimba, n'kuviika m'mankhwala osungunula mnofu, n'kuyala tiziwalo totsalato pa kagalasi kuti aone pa maikulosikopu. Masiku ano amawonjezera kuyeza DNA, tizinthu ta m'thupi toonetsa chibale. Meyrick ankadalira kwambiri mapiko ndi maonekedwe a kunja, obwera pambuyo pake anayamba kudula, ndipo aliyense wodula ankaona chibale china. Kwa ine kubwerera ku Phthorimaea kumandikomera, chifukwa kumanena chinthu chimene mlimi aliyense wa kachewere ndi tomato angachione ndi maso: tizilombo tiwiriti timakhala mofanana, timadya zomera za banja limodzi, ndipo timakumba masamba mofanana. Koma mukapita kusitolo muzingonena kuti Tuta. Mukati Phthorimaea akuyang'anani ngati mwatukwana.

Mwana wanu, poti amakonda kufufuza, mumuuze kanthu aka. Akaona dzina la Meyrick ndi chaka cha 1917 zili m'mikutiramawu pambuyo pa mawu oti Tuta absoluta, mikutiramawuyo ikutanthauza kuti kachilomboka kanasamutsidwa kuchoka m'chiwongo chimene mwini dzina anakaikamo. Pambuyo pa Phthorimaea absoluta mikutiramawuyo kulibe, poti kabwerera pakhomo pake.

Tsopano maonekedwe. Kuti mukaone bwino muyenera kukagwira kali kamoyo, chifukwa kophwanyidwa kamangokhala fumbi. Tengani kabotolo koonekera m'kati kouma bwino, mupite m'dimba m'mawa kukadali kachisanu, nthawi imene timakhala taulesi. Gwedezani tsinde pang'ono. Kauluka mothamanga mokhotakhota, osakwera m'mwamba, n'kutera pafupi pomwepo, kawirikawiri kunsi kwa tsamba kapena pa dothi. Vundikirani ndi botolo.

Mukakayang'ana katatera, kutalika kwake ndi mamilimita 5 mpaka 7, ngati njere ya mpunga wa Kilombero, ndipo n'kowonda chimodzimodzi, chifukwa kamapinda mapiko motsatira thupi m'malo mowatambasula ngati gulugufe wamasana. Mapiko atatambasulidwa amangokwana pafupifupi sentimita imodzi. Mtundu wake ndi wa phulusa losakanikirana ndi dothi, wonyezimira pang'ono ngati siliva dzuwa likawomba, ndipo pa mapiko akutsogolo pali timadontho takuda tomwazikana mopanda dongosolo. Mapiko akumbuyo, amene amabisika kakatera, ndi opyapyala ndipo m'mphepete mwake muli ubweya wautali ngati mphonje za nsalu. Tinyanga take n'tatitali, towonda ngati ulusi, ndipo kamatigoneka chambuyo pamwamba pa msana. Mukajambula ndi foni n'kukulitsa chithunzicho muona kuti tinyangato tili ndi mphete zakuda ndi zoyera mosinthanasinthana, ngati mikanda yovekedwa mosamala. Miyendo nayonso ili ndi mizere yotero. Ndiyeno yang'anani kumaso. Pali timilomo tiwiri tochokera pansi pa mutu, tokhotera m'mwamba n'kudutsa pamphumi, ngati nyanga za ng'ombe zotembenuzidwa. Si zolumira ayi, kagulugufe kakakulu sikaluma kanthu ndipo sikadya tsamba. Koma timilomo tokhota m'mwambato ndi chizindikiro cha banja la Gelechiidae, ndipo mudzatipezanso pa kaja ka m'nkhokwe. Kakakazi ndi kakamuna n'tofanana, kungoti kakakazi kali ndi mimba yonenepako.

Masana timabisala. Timayamba kuyendayenda dzuwa likamalowa ndi m'bandakucha. Mlimi amene amangofika m'dimba masana kukathirira akhoza kukhala nato milungu iwiri osationa.

Mazira ndiwo ovuta. Limodzi silikwana n'komwe theka la milimita, laling'ono kuposa kambewu ka fodya. Limakhala loyera motuwira likangoikidwa, kenako lachikasu, ndipo likatsala pang'ono kuswa limada. Kakakazi sikaunjika mazira pamodzi monga amachitira agulugufe a ntchemberezandonda. Kamaika limodzi apa, awiri apo, makamaka pa masamba anthete akunsonga, pa tsinde lanthete ndi pa kachipewa kobiriwira kamene kamakhala pamwamba pa chipatso. Kamodzi kakhoza kuikira mazira ofika 260 pa moyo wake wa milungu iwiri. Pakapita masiku anayi kapena asanu ndi limodzi, kambozi kamaswa, kamayenda pang'ono pa tsamba, n'kuboola n'kulowa m'kati. Kanthawi kochepa kameneka, kambozi kasanalowe, ndi pamene kali pambalambanda. Kakalowa, tsamba lomwelo limasanduka chakudya chake ndi denga lake.

Mbozi imafundula katatu, ndiye kuti imadutsa misinkhu inayi. Ikangoswa imakhala yoyera mwa mkaka, ya mutu wakuda, yosakwana milimita. Ikayamba kudya imasanduka yobiriwira, poti chakudya chimaonekera m'thupi. Ikakhwima imafika mamilimita 7 kapena 8 ndipo msana wake umayamba kufiirira ngati wapakidwa utoto wa pinki. Chizindikiro chimene ine ndimadalira chili kumbuyo kwa mutu. Pamenepo pali kachishango kotuwa, ndipo m'mphepete mwake chakumbuyo muli kamzere kakuda kopyapyala, ngati kolala ya malaya. Mbozi ya mbatatesi ija, m'bale wake, ili ndi kachishango kakuda konse, ndipo imakula kuposa apa. Kagulugufe ka mbatatesi nakonso n'kokulirapo ndithu. Kusiyanitsa ziwirizi n'kofunika kwanuko, chifukwa kumene tomato ndi kachewere zimalimidwa moyandikana, monga ku Tsangano ndi ku Bembeke, Tuta amadyanso masamba a mbatatesi, ndipo ka mbatatesi nako kamalowa m'tomato. Galasi lokulitsa zinthu la mtengo wotsika, kapena foni ya kamera yabwino, ndi zokwanira kuona kolalayo.

Mbozi siikhala m'mphanga imodzi moyo wake wonse. Imatuluka n'kukayamba ina, imalowa m'nsonga ya tsinde n'kuifotetsa, imalowanso m'chipatso. Pa chipatso imakonda kubowola pansi pa kachipewa kaja, pobisika, moti tomato amaoneka wabwinobwino mpaka wogula atachotsa kachipewako n'kupeza tibowo tating'ono ngati tobaya ndi singano, tozunguliridwa ndi ndowe yakuda. Pa tibowo timeneti ndi pamene pamalowera zowoletsa. Dengu limachoka m'dimba lili bwino, likagona masiku awiri pa Lizulu layamba kuchucha.

Ikakhuta, mbozi imadzigwetsa pansi ndi kaulusi kake n'kulowa m'dothi pang'ono, kapena imapinda tsamba, kapena imangotsalira m'mphanga momwemo. Imaluka kachikwa kopyapyala n'kusanduka kanthu kosayenda konga kambewu, kamene m'mabuku amati pupa, kobiriwira poyamba kenako kofiirira, ka mamilimita 5 kapena 6. Pakapita masiku pafupifupi khumi kagulugufe katsopano katuluka. Ulendo wonse, kuchoka pa dzira kufika pa kagulugufe, umadalira kutentha. Pa madigiri 27 umatenga masiku pafupifupi 24, pa madigiri 20 umatenga pafupifupi 40, ndipo kukazizira kufika pa 14 umapitirira masiku 70. Ndiye kwanuko m'mwezi wa June ndi July kamachedwa, koma kuyambira September mpaka mvula itagwa mibadwo imangotsatizana. Kumalo otentha imafika 10 kapena 12 pa chaka, ndipo sikagona nyengo iliyonse malinga chakudya chilipo. Ife amene timalima tomato wa m'munda nthawi ya dzinja n'kupitiriza wa m'dimba m'chilimwe timakapatsa chakudya chaka chonse.

Pali tizilombo tina tiwiri timene alimi amatisokoneza ndi Tuta, ndipo kamodzi mwa ito ndi kantchentche, choncho funso lanu la ntchentche silinali lopanda pake. Kantchentche kameneka, ka chiwongo cha Liriomyza, n'kakuda ka madontho achikasu, ndipo mphutsi yake imakumbanso m'kati mwa tsamba la tomato, nyemba ndi ndiwo zina. Koma njira yake ndi yopyapyala, yoyera, yokhotakhota ngati mwana walemba ndi choko, ndipo ndowe yake imatsata njirayo ngati kaulusi. Tuta amayamba ndi kanjira kakafupi kenako n'kukuza chipinda chotambalala chopanda maonekedwe enieni. Mphutsi ya ntchentche ilibe miyendo ndipo mutu wake suoneka, pomwe mbozi ya Tuta ili ndi mutu woonekeratu ndi timiyendo. Ntchentcheyo siboola chipatso. Chachiwiri ndi mbozi yaikulu ija imene mumaipeza italowetsa mutu m'tomato thupi lili kunja, Helicoverpa armigera, yodyanso thonje, nandolo ndi chimanga chachiwisi. Imeneyo imafika masentimita atatu kapena anayi, bowo lake mungalowetsemo kamtengo ka machesi n'kutsala malo, ndipo ndi ya banja la Noctuidae, banja la ntchemberezandonda. Siikumba mphanga m'masamba.

Amayi anu sanakumanepo ndi Tuta, n'chifukwa chake alibe dzina la makolo. Kwawo ndi ku South America, komwenso ndi kwawo kwa tomato ndi mbatatesi, ndipo kwa zaka zambiri anali vuto la alimi a kumeneko okha, monga a ku Peru, Chile, Argentina ndi Brazil. Mu 2006 anapezeka kum'mawa kwa Spain. Pofika 2008 anali ku Morocco ndi Algeria. Mu 2012 anali atafika ku Senegal, mu 2014 anapezeka ku Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania, dera la Arusha, ndipo mu 2016 anatsimikizidwa ku Zambia, Mozambique ndi South Africa. Ndi m'zaka zomwezo pamene alimi akuno kwathu anayamba kudandaula za tomato wowauka wosamva mankhwala. Ku Nigeria mu 2016 anawononga kwambiri moti anthu anamutcha Ebola wa tomato, ndipo boma la chigawo cha Kaduna linalengeza kuti kwagwa ngozi. Kagulugufe kochepa chonchi sikanayende mtunda wonsewu ndi mapiko ake okha. Kanakwera malole, m'zipatso, m'mabokosi ndi m'madengu obwerera opanda kanthu, ndi mu mbande. Dengu limene labwera ndi wogula kuchokera kumsika likhoza kukhala ndi zikwa m'mipata ya nsungwi.

Simunandifunse za mankhwala, ndipo mlingo ndi dzina la ogula muzimve kwa alangizi anu amene akudziwa zimene zikupezeka ndi zololedwa kwanuko. Koma zimene ndafotokozazi zikukuuzani kale zinthu zingapo. Popeza mbozi ili pakati pa makungu awiri a tsamba, mankhwala ongokhudza kunja saifikira, ndipo kachilomboka kanafika kuno katazolowera kale mankhwala akale a gulu la cypermethrin kuchokera kwawo komwe. Kuwonjezera mlingo kapena kusakaniza mabotolo atatu m'sipuleya imodzi kumangopha tizilombo tothandiza, kumadwalitsa wopopera, ndipo kumasiya poizoni pa tomato amene ana anu omwe adye. Alipo mankhwala olowa m'tsamba amene amagwira ntchito, monga a emamectin benzoate, spinosad ndi chlorantraniliprole, koma ku Brazil ndi ku Italy Tuta anazolowera ena mwa amenewa alimi atawabwereza mosalekeza, choncho amafunika kusinthanitsa magulu ndi kusunga masiku olembedwa pa botolo musanathyole. Adani ake achilengedwe aliponso. Ku Kenya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linabweretsa kamavu kakang'ono kochokera ku Peru kamene kamaikira mazira m'mbozi ya Tuta, ndipo m'minda yosapoperedwa mwachisawawa mumakhala tinsikidzi tobiriwira timene timayamwa mazira ake.

Zambiri zili m'manja mwanu. Masamba a mazenera muziwathyola akadali ochepa, koma osawataya mumzere, chifukwa mbozi imamaliza kukula m'tsamba lothyoledwa. Akwirireni mozama kapena atsekereni m'thumba la pulasitiki n'kulisiya padzuwa. Tomato wogwa ndi woola chimodzimodzi. Mukamaliza kukolola zulani mitengo yonse nthawi yomweyo, osaisiya kuti mwina ibereka tina tochepa, poti munda wosiyidwa ndiwo umadyetsa dimba la mnzanu ndi nazale yanu yomwe. Mbande muziziyang'ana tsamba ndi tsamba musanawokere. Ndipo kumbukirani kuti amadyanso abale a tomato: mbatatesi, mabilinganya, ndi mnadzi umene timausiya dala m'mphepete mwa dimba kuti tizithyola ndiwo. Sindikunena kuti musiye kudya mnadzi, koma muziuyang'ana nawonso padzuwa.

M'masitolo ena a zaulimi mumapezeka timisampha tokhala ndi kamphira kotulutsa fungo la kakakazi. Fungolo limakoka tatimuna ta mtundu umenewu, n'kumatirira pa ulimbo kapena kumira m'beseni la madzi a sopo. Ubwino wake waukulu ndi woti kamakuuzani kuti alendo afika masamba asanayambe kuoneka mazenera. Ndi njiranso yosavuta yopezera tiagulugufe tambiri toti muyang'ane tinyanga ta mikanda tija mosathamanga.

Ngati mutayang'ana zonsezi mukukayikirabe, makamaka pakati pa Tuta ndi m'bale wake wa mbatatesi, musatumize chithunzi cha dimba lonse, sichithandiza. Ikani masamba atatu kapena anayi a mbozi zamoyo m'botolo louma, muike kapepala pansi kuti kayamwe chinyezi, mutseke kukamwa ndi kansalu ndi mphira m'malo mwa chivindikiro, n'kuliika pamthunzi m'nyumba. Pakatha milungu iwiri kapena itatu mupeza tiagulugufe tikuyenda m'mbali mwa botolo, mapiko ali athunthu, timamba tosachoka. Mbozi zina ziwiri zokhwima muziike m'kabotolo ka spiriti kuti kolala ija isawonongeke. Lembani pa kapepala tsiku, mudzi ndi mbewu imene mwazitengapo, ndipo alangizi akabweranso muwapatse. Iwo akalephera, akudziwa njira yozifikitsira kwa akatswiri a tizilombo ku Bvumbwe kapena ku Chitedze.